Abambo Akulima pa Sabata

Amayi, kumeneko muli bwanji? Mukupumadi kodi? Ndikufunsa chifukwa ndinamva kuti pa maliro anu abusa analalikira kuti mwalowa mu mpumulo umene Mulungu anasungira anthu ake. Ndikuti ndinamva, poti mukudziwa kuti ine kunalibe. Ngati ndi zoona, ndiye kuti mukulawa chinthu chimene kuno simunachilawepo, ndipo ndimakuonani m'maganizo mukucheukacheuka kufuna pamene anaika tsache.

Kuno tilipo. Estere, mng'ono wanga wofatsa uja amene munkati anatenga ulemu wonse nkundisiyira ine pakamwa pokha, anachira nthawi yokolola. Mwana ndi wamkazi, ndipo tam'patsa dzina lanu. Makutu anatengera bambo wake, akuluakulu ngati a mleme, koma zala ndi zanu ndithu. Amalira ngati pali amene anamulakwira asanabadwe, choncho anthu akuti watengera ine. Chimanga chinachita bwino kumunsi kwa munda, kumtunda kuja chinapserera. Thonje linadyedwa ndi mbozi, lotsalalo akalaliki a pamsika analitembenuza ndi ndodo ngati akutembenuza galu wakufa. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, mmodzi fisi anatenga. Alangizi a malimidwe akuyendabe ndi kandodo kawo koyezera mizere, ndipo kuno ku Balaka amuna akangokumana atatu nkhani ndi ya chitaganya cha maiko atatu chimene azungu abweretsachi basi. Ine ndikuphunzitsabe pasukulu pomwe paja, ana ndi ambiri kuposa mabenchi.

Koma nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya abambo.

Amalume a Jemusi, mlongo wanu, atuma mawu kangapo kuti chaka chadutsa, tinameta kalekale, mwamuna wa eniake ayenera kusudzulidwa. Mwambowo mukuudziwa kuposa ine. Abambo ndi mkamwini. Anachoka ku Chikweo ali mnyamata kudzakhala pamudzi panu, ndipo munda ndi wanu, ana ndi anu, ngakhale mitengo ya mango imene anadzala okha ndi yanu. Mkazi akapita, abale ake amaphika thobwa, nayala mphasa pabwalo, nauza mkamwini kuti ntchito yako waitha, ndiwe mfulu, ukafuna kubwerera kwanu bwerera, ukafuna kukwatira kwatira. Kufikira atamva mawu amenewo sangachoke, sangakwatire, sali wa kuno komanso sali wa kwawo. Tsono amalume akuti sangayale mphasayo mwana wamkazi wamkulu asanavomere, popeza munda ndi nyumba zagwera m'manja mwanga. Nthawi zonse ndakhala ndikuyankha kuti ana ali pa mayeso. Mayeso analipodi, koma inu simunabale chitsiru, ndipo amalumenso si chitsiru.

Chifukwa chake mukuchidziwa, paja munalipo. Munagona ndi malungo Lachisanu. Pofika Lamulungu m'mawa munali mutayamba kunditchula. Estere akuti simunkatchula china, Elube, Elube, ngati muja munkandiitanira ndikachedwa kudambo. Njinga ya abambo inali pamwamba panu pomwepo, popeza Loweruka lililonse dzuwa likamalowa ankaipachika kudenga ndi chingwe kuti wina asaikhudze kufikira Lolemba. Mwamuna wa Estere anagwada pakhonde napempha kuti aitsitse, athamange ku Balaka akanditenge. Abambo anati, “Malungo awa tawaona kale. Sabata lithe kaye.” Ankakumbukira kuti mwezi womwewo iwo, monga mkulu wa mpingo, anali ataimika munthu wina pa mgonero chifukwa chopalasa njinga Lamulungu, kutengera milamba ya ku nyanja ya Chiuta kumsika isanaole. Akanatsitsa yawo, anthu akanati chiyani? Ndiye anakhala pampando wawo pakhonde, Baibulo pamwendo, inu mukuitana m'kati.

Munatisiya dzuwa likulowa. Alamu ananyamuka mbandakucha wa Lolemba, nandipeza m'kalasi, nandiuza kuti mwadwalika. Pa Liwonde pantoni yowolotsa anthu pa Shire inali tsidya lina kudikira lole, ife tikuiyang'ana. Pamene tinkalowa m'mudzi anthu anali akusamba m'manja pochokera kumanda. Ulendo umenewo ndauyenda m'mutu mwanga kosawerengeka, Amayi. Ndimaunyamula Lolemba nkuuika pa Lamulungu, ndipo nthawi zonse ndimakupezani mukupuma. Ndimafika, ndimakugwirani dzanja. Kenako tambala wa aneba amalira, ndili pamkeka ku Balaka.

Kuyambira pamenepo ine ndi abambo timangopatsana moni. “Mwadzuka bwanji?” “Ndadzuka, kaya iwe?” Basi. Inu munkati mkwiyo ndi mtolo wa nkhuni wosenza popanda nkhata, umanyula mwini mutu. Wandinyuladi. Koma sindinaone pakuti nditule.

Mundiseka, koma chaka chino ndawerenga Malembo kuposa zaka zonse za kusekondale, pamene ankatikakamiza. Sindinkafuna chitonthozo iyayi. Ndinkalowamo ngati munthu wolowa m'thengo kukathyola mkwapulo. Ndinkafuna ndipeze pamene palembedwa kuti njinga izipachikidwa kudenga mayi akufa, ndipo nditapanda kupapeza ndikawaonetse abambo tsamba ndi tsamba.

Choyamba chimene ndinapeza chinandipsetsa mtima koposa. Lamulo la Sabata limatchula onse oyenera kupuma: mwana wamwamuna, mwana wamkazi, wantchito, mdzakazi, ng'ombe, bulu, mpaka mlendo wokhala pamudzipo. Bulu alimo, Amayi. Ndinabwereza ndi chala kufuna pamene atchula mkazi wa mwini nyumba, osapapeza. Mwina anthu ophunzira zaumulungu ali ndi yankho lake. Ine ndinangokumbukira Masabata anu. Loweruka munkatunga madzi mpaka mitsuko yonse idzaze, kusinja, kuchapa malaya oyera a abambo, kuwasita ndi makala. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi akuluakulu a mpingo ankabwera kudzadya kwathu, nakhala pamthunzi wa mango kutsutsana ngati munthu angathyole chimanga chachiwisi pa Sabata osachimwa. Inu muli m'khitchini maso ali psuu ndi utsi, nkhuku yachiwiri ili pamoto. Ndikakufunsani kuti nanga inu Sabata lanu ndi liti, munkati, “Mimba sinabatizidwe, mwananga. Pereka madzi kwa alendo.”

Zimenezi ndinawauza amalume atabwera kuno kudzagula mchere ndi mafuta a nyali. Mukuwadziwa mlongo wanu, m'tchalitchi amangolowamo pa ukwati ndi pa maliro. Anaseka mpaka kutsokomola, nandiuza za nthawi ya nkhondo, sitima yawo ya pamadzi itaima padoko lina la Aluya kumene kunkakhalanso Ayuda.

“Ayuda enieni, aphunzitsi, osati a pachithunzi cha Sande sukulu,” anatero. “Lawo limayamba Lachisanu dzuwa likalowa. Ndinapita kwa telala wina kuti andisokere kabudula, anandibweza ndi ulemu wonse, ndalama ili m'manja. Mayi wa m'nyumba amayatsa nyali, ndipo moto sukolezedwanso mpaka mawa lake madzulo. Chakudya amaphikiratu. Ndinaona gogo wina atakhala manja ali pamiyendo, mwamuna wake akumuimbira nyimbo, ana akuvomera.”

Ine ndinati, “Ndiye kuti amadya mkute. Abambo akanadya mkute pamaso pa akuluakulu a mpingo?”

“Bambo ako Chiyuda chawo chinathera pa njinga,” anatero amalume. “Pa mphika sichinafike.”

Ndinaseka, koyamba chichokereni inu, kenako ndinadzida chifukwa chosekacho. Iwo anapitiriza kuti dera lathu lino ndi lodala: Lachisanu apuma Asilamu, Loweruka apuma a mpingo watsopano uja, Lamulungu tipuma ife ndi Akatolika, ndipo osapuma ndi atatu okha, sitima ya pamtunda, chiswe ndi akazi. Atatha thobwa anafunsa za mphasa ija. Ndinati ana ali pa mayeso. Anandiyang'ana nati, “Ana a ku Balakawa adzakhala madokotala onse.”

Chachiwiri chimene ndinapeza sindinkachifuna. Lamulo lija Mose analinena kawiri, ndipo chifukwa chake anachisintha. Koyamba akuti tizipuma popeza Mulungu atatha kulenga anapuma, si kuti anatopa, koma anaima nayang'ana, naona kuti zakwana. Kachiwiri akuti tizipuma popeza tinali akapolo ku Ejipito, ndipo anatitulutsako. Pamenepo ndinakumbukira zimene munkatiuza za agogo, mmene anathawira thangata kuminda ya azungu usiku, inu muli kumbuyo, mpaka kudzapeza malo kuno. Munkati kumeneko munthu ankadziwa tsiku poona chikwapu cha kapitawo. Kapolo alibe tsiku lake. Ndiye ndinaona kuti munthu akakhala pansi pa Sabata amakhala ngati akuuza dziko kuti ine mwini wanga ndi Mulungu, wina aliyense adikire mawa. Ndipo Ambuye Yesu atakumana ndi mayi wopindika msana m'nyumba yopemphereramo, sanamuuze kuti Sabata lithe kaye. Anamuwongola pomwepo, nafunsa odandaulawo ngati iwo samasula ng'ombe zawo pa Sabata kukazimwetsa. Kwa Iye tsikulo linali lomasulira zomangidwa. Ndime imeneyo ndinailoweza dala. Ndinati mkwapulo wanga ndi uwu.

Nthawi yonseyi Estere ankanditumizira mawu kudzera kwa anthu obwera kumsika. Poyamba anati abambo atula pansi ukulu wa mpingo. Kenako anati njinga aipereka kwa alamu, sakufunanso kuiona. Kenako anati asiya kulowa m'tchalitchi. Pomaliza anati akulima tsiku lililonse, ngakhale Lamulungu, ndipo abusa abwera kawiri kudzawachonderera koma iwo amangoyankha ndi khasu. Ndinene zoona, Amayi, poti kwa inu bodza silinkandipindulira: ndinakondwa. Ndinati alime. Alime mpaka khasu lithe, nalo dzanja lithe. Ndinadziwanso kuti malinga ndikukana mphasa ija, sangathawire ku Chikweo kukayamba moyo wina ndi mkazi wina amene sadziwa kanthu za njinga.

Loweruka la mlungu watha ndinapita kumudzi kukaona mwana wa Estere. Kunja kwatentha chaka chino, mapiri a Machinga sakuoneka ndi utsi wa moto wolusa, ndipo Shire waphwera mpaka mvuu zikuoneka misana. Ndinafika abambo ali kumunda. Anabwera kutada, tinapatsana moni wathu uja, nadya pang'ono, nakagona. Estere anandinong'oneza kuti ndiwayang'ane m'manja. Ndinati ndabwera kudzaona khanda.

M'mawa chitsulo cha patchalitchi chitalira, anthu anayamba kudutsa atavala zoyera. Abambo anatuluka ndi kabudula wong'ambika, natenga khasu kuseri kwa nkhokwe, nalowera kwina. Amayi ena a Chigwirizano anayang'ana pansi. Mwamuna uja anaimikidwa chifukwa cha milamba anaima panjira nawapatsa moni mokweza, “Mulime bwino, akulu a mpingo.” Abambo anavomera moniwo ndi manja awiri ngati walandira mphatso.

Ine ndinapita kutchalitchi. Ndinakhala pa benchi lanu, koma linkandiwotcha. Nyimbo ndinkaitsogolera ndi mzere wathunthu. Ulaliki utangoyamba ndinatuluka ngati ndikupita kuseri, miyendo nkunditengera kumunda.

Ndinkayembekeza kupeza ntchito yambiri yotsala, poti munda wanu ndi waukulu ndipo akulima okha. Amayi, munda wonse unali utatha. Kuyambira pa chulu mpaka kumtsinje mizere inali itaundidwa, yowongoka, yoti mlangizi ndi kandodo kake akanangovula chipewa. Mapesi anakwiriridwa, zitsa za thonje zinazulidwa nkutenthedwa kalekale. Panalibe choti munthu achite koma kudikira mvula. Ndipo abambo anali pakati pa mundawo akugumula mzere wabwinobwino ndi kuuundanso pomwepo. Akatha, ankapita pa wotsatira. Ndinaima pamalire nthawi ndithu ndikuwayang'ana. Aonda. Nthiti zikuwerengeka, khosi latsala mitsempha, ndipo mpini wa khasu wada ndi magazi a m'manja.

Mtima wanga sunafewe, musaganize choncho. Ndinayenda kudumpha mizere mpaka kuima patsogolo pawo.

“Kodi lero ndi lachingati, abambo?”

Sanaweramuke. “Ukulidziwa.”

“Ndimayesa mwina kalendala yanu inapachikidwa kudenga.”

Khasu linaima pang'ono, kenako linagweranso pansi.

“Chaka chatha tsikuli linali lopatulika moti njinga sikanatha kugunda pansi,” ndinatero. “Chaka chino lasanduka la mizere. Lamulo linasintha liti? Kapena linali la amayi okha?”

“Nena zonse, mayi,” anatero. “Ndi zako.”

Kundilola kumeneko kunandikwiyitsa kuposa kundikalipira. Ndinayamba kuwalakatulira lamulo lija mokweza, monga ankatilakatulitsa ife tili ana Loweruka madzulo, wolakwitsa osadya ndiwo. Ndinkafuna liwu lililonse liwalase. Usagwire ntchito, iwe, kapena mwana wako, kapena wantchito wako, kapena ng'ombe yako, kapena bulu wako. Ndinafika pa mlendo wokhala pamudzi pako, mawu nkundithera.

Ndinayang'ana pamene ndinaima. Nthakayo inali yanu, tsopano ndi yanga. Munthu amene anali patsogolo pangayo anabadwira ku Chikweo, makolo ake agona ku Chikweo, ndipo pamudzi pathu, ngakhale wameretsapo imvi, pa milandu ya banja amakhala kumapeto kwa mphasa osayankhula. Mlendo wa pamudzi panga ndi ameneyo. Lamulo lija silinalembedwere bulu kapena wantchito, iwo sawerenga. Linalembedwera mwini munda, amene ali ndi mphamvu yogwiritsa ena ntchito ndi yowaleketsa. Chaka chonse ndinkanola lamulolo kuti ndikabaye nalo abambo, osadziwa kuti chichokereni inu likuyankhula ndi ine. Sindinakondwe nazo ngakhale pang'ono. Mpaka lero sindikukondwa nazo.

Ndinagwira mpini. Iwo sanausiye.

“Siyani khasu.”

“Iyayi, mayi.”

“Munda uno ndi wa yani?”

Anandiyang'ana koyamba. “Ndi wako.”

“M'munda mwanga mlendo salima Lamulungu. Siyani.”

Zala zawo zinachita kumatuka chimodzichimodzi, ngati zinamera pampinipo. Ataima chimanjamanja anayang'ana manjawo ngati a munthu wina.

“Nanga ndichite nawo chiyani?” anafunsa. “Iwe ukuyesa ndikulima chifukwa ndaiwala Mulungu? Ndikakhala pansi ndimawamva amayi ako akukuitana. Pampando, pa benchi la m'tchalitchi, paliponse. Khasu likamagunda pansi sindiwamva.”

Ndinangowalozera kumthunzi ndi dzanja. Ine amene munkati ndinayankha azamba tsiku lobadwa.

Ndinawatsogolera pansi pa mtengo wa masau uli pamalire uja. Ndi pamene paja inu munkathawira Lamulungu madzulo, alendo akapita, mbale zitatsukidwa, kwatsala kadzuwa kochepa. Munkati mukukaona mbewu, koma khasu simunkatenga. Tsiku lina ndinakutsatirani ndili kamtsikana, nkukupezani mutangokhala, miyendo mutatambasula. Munati, “Ndabwera kudzaona ngati chimanga chimakula ine ndisakuchigwira. Taona, chikukula. Chilibe ndi ulemu womwe.” Nthawi imeneyo ndinayesa nthabwala chabe. Sabata lanu lonse linali kamphindi kameneko, ndipo ndikhulupirira munkalidziwa kuposa onse odya nkhuku zanu aja.

Tinakhala pamenepo, iwo uko ine kuno, khasu lili pakati. Kukhala kwake kunali kovuta, Amayi. Abambo ankangosisita mawondo, kuthyola timitengo, kuyang'ana mzere umene anausiya theka. Ine ndinkazula udzu wouma. Tinali ngati mbuzi ziwiri zomangidwa pa chikhomo chimodzi. Patapita nthawi ndinafunsa chimene ndakhala ndikuopa kufunsa.

“Ankafuna kundiuza chiyani?”

Ndinkayembekeza kuti apeka kanthu kondisangalatsa, kuti munati ndisamale Estere, kapena kuti munandidalitsa. Akanapeka ndikanadziwa, ndipo ndikanawada mpaka kumanda.

“Sindikudziwa,” anatero. “Sindinalowe kukafunsa. Ndinkaopa kuti ndikalowa nditsitsa njinga.”

Ndinalira pamenepo, mokwiya, ngati mwana wolandidwa chinthu. Iwo sanandigwire, ndipo anachita bwino. Sanapemphe kuti ndiwakhululukire, ine sindinanene kuti ndawakhululukira. Tinangokhala mpaka tinamva nyimbo yotsekera kutchalitchi, mpaka mthunzi unasuntha nkutisiya padzuwa, ife nkusuntha nawo. Pena anatseka maso. Sindikudziwa ngati ankagona kapena ankakumvani.

Pobwerera khasu ndinasenza ine. Anthu otuluka m'tchalitchi anaona mphunzitsi wa ku Balaka, diresi la Sabata, nsapato zoyera, khasu paphewa Lamulungu masana, bambo wake akumutsata m'mbuyo manja ali lende. Adziwa okha chimene anakamba. Ndinalipereka kwa Estere kuti aziwapatsa Lolemba m'mawa ndi kuwalanda Loweruka madzulo, ndipo ndinauza alamu kuti akawabwereka lawo adzaona chimene chinapangitsa kuti anthu azindiopa.

Madzulo ake ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza akusoka ukonde wa mnzawo, Sabata lomwelo, osachita ndi manyazi omwe.

“Mayeso atha?” anafunsa.

“Atha. Uzani anthu aviike chimera.”

Anaika ukonde pansi. “Ukudziwa kuti tikawasudzula akhoza kupita osabweranso?”

“Ndikudziwa.”

“Akhozanso kukwatira. Ku Chikweo akazi amasiye ndi ambiri, ndipo mwamuna wodziwa kuunda mizere kawiri sasowa.”

“Amalume, musandiyese. Ndavomera kamodzi.”

Tagwirizana kuti mphasa iyalidwe Loweruka likubwerali, mvula isanagwe, kuti ngati apita akapeze nthawi yodzala kwawo. Lolemba m'mawa ndisananyamuke abambo anandiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sanachitepo chichokereni inu. Anafunsa ngati akasudzulidwa ndiye kuti achoke. Ndinati akasudzulidwa adzakhala mfulu, ndipo mfulu safunsa mwana wake kumene agone. Nyumba ilipo, mdzukulu alipo, Chikweo iliponso. Anagwedeza mutu. Sindikudziwa chimene asankhe, ndipo ndadzipeza ndikuopa zonse ziwiri. Akapita ndidzati athawa. Akakhala ndidzayenera kuwaona tsiku lililonse la tchuthi, ndi kuphunzira mawu ena oposa moni.

Musandifunse ngati ndakhululuka. Ndafufuza mumtima ngati mmene munthu amafufuzira nsabwe m'chovala, ndipo sindinapeze. Ndikaganiza za chingwe chija kudenga, mkwiyo umabwerera chimodzimodzi. Chimene ndapeza ndi chaching'ono: lamulo silinati uyambe wakonda mlendo ndipo kenako um'pumitse. Linangoti apume. Mwina chinacho chimabwera pambuyo, mwina sichibwera. Inu muli pafupi ndi Mwini lamulo, mundifunsireko.

Lero ndi Lamulungu. Ndili m'kachipinda kanga kuseri kwa sukulu, sitima yangodutsa kumene, ndipo sindikudziwa ngati abambo akhala pansi pa masau kapena apeza khasu kwa munthu wina wachifundo chopusa. Chichokereni kutchalitchi ndasesa kawiri, ndachonga makope amene ndinachonga kale, ndasoka batani limene silinathothoke. Zitatha zonsezo ndinatenga pepala ili. Pofika tsamba lachitatu ndinazindikira kuti nanenso ndikugumula mizere, kuti cholembera chikamakanda papepala sindikumvani mukuitana. Ndine mwana wa bambo anga, ngakhale zikundiwawa kulemba choncho.

Ndiye ndikulonjezani ziwiri, Amayi. Loweruka ndidzakhala pamphasa, ndipo amalume akandifunsa ndidzati mkamwini wanu ntchito waitha, amasuke, ndipo zina zonse zimene lilime langa lidzafune kuwonjezera ndidzazimeza. Chachiwiri ndi cha lero lomwe. Dzuwa likadali pamwamba pa denga la sitesheni. Ndikuika cholembera pansi, ndikakhala pakhomo manja ali pamiyendo kufikira litalowa. Mukaitana, ndimva. Sindithawa.

Ndimakukondani monga kale, ndi pakamwa panga pomwepa.

Ine mwana wanu,
Elube